Khoma la Apongozi ku Lulimile

Ku Lulimile kuno kuli mphekesera imodzi imene ine ndimaikonda kuposa nyama. Ndikamva munthu akuinena ndimamukokera mpando, ndimuitanire tiyi, kuti ayambirenso poyamba. Akuti Dona Belmira, mayi ogulitsa nyemba patsinde pa khoma lalitali lija, amadziwa mwamuna aliyense wa m'bairo muno, dera lathu lino la mu Lichinga, ndi nkhongo. Nkhope ayi. Pankhope atha kukusokonezani ndi mlamu wanu. Koma mungotembenuka, mwagwidwa: dzina lanu, la bambo anu, kumene munakwatira, ndi nsapato imene inatha chidendene. Ena amafika polumbira kuti mukawaonetsa chithunzi cha pachitupa amangopukusa mutu, koma mukachitembenuza, kumene kulibe kanthu, amati, "Aa, si a Gregório awa?"

Ndipo akuti nzeru imeneyi ndi imene inapulumutsa khoma lathu. Ine sindikutsimikiza. Ndine munthu waulemu, ndimangofotokoza zimene ndinaona, ndi zina zochepa zimene ndikanaona ndikanakhalapo.

Dona Belmira anabadwira kumapiri, kwa alimi a nyemba, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi kuchokera mu Lichinga. Anabwera m'tauni nthawi ya nkhondo ali mtsikana, mphika pamutu, mng'ono wawo kumsana. Anakwatiwa ndi a Norberto, mmisiri wa mipando, munthu wofatsa moti nkhuku zinkaikira mazira m'chipewa chake iye atachivala. A Norberto atamwalira anawasiyira ana anayi, macheka obuntha, ndi kampando kamodzi ka miyendo itatu. Machekawo anapatsa mlamu. Kampando ananyamula, nakakakhazika patsinde pa khoma, nayala thumba, nathirapo nyemba. Kuyambira tsikulo papita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, kapena vinti-seti monga amanenera eni ake. Kampandoko kanakumba mabowo atatu m'dothi, moti m'mawa uliwonse miyendo yake imalowamo yokha ngati mbuzi m'khola. Ana onse anayi anaphunzira sukulu ndi nyemba za pamabowo amenewo. Wina tsopano ndi namwino ku Cuamba ndipo wawapempha kambirimbiri kuti akapumule kwa iye. Iwo amati akapumula akadzatha kusankha nyemba za m'lichero. Lichero lawo silinathepo.

Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula. Mwezi wa Juni amavala majuzi awiri ndi makapulana atatu, zitenje zathu zija, mpaka sudziwa pamene pathera nsalu ndi pamene payambira munthu. Maso awo amakhala pansi tsiku lonse, kuchotsa timiyala ndi nyemba zofumbwa. N'chifukwa chake amuna ankaganiza kuti mayiwa saona kanthu. Amuna inu, amuna!

Khomalo ndi la nyumba yakale yosungiramo chimanga, ya kampani ina imene inafa kalekale osasiya wolira. Ndi lalitali moti ukayamba kumutu kwake ndi moni wa m'mawa, kumchira umakafika ukuti mwaswera bwanji. Kumutuko n'kumene amayi khumi ndi awiri amagulitsa nyemba, mbatatesi, kabichi ndi usipa wa ku Meponda. Tsidya la msewu kuli mabaraka asanu, timashopu tathu ta mowa tija. Chimbudzi kunalibe. Nkhani yokumba chimbudzi inali itakambidwa kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo komiti yake inali itasintha apampando anayi, koma khasu linali lisanagunde pansi.

Amene sanakhaleko ku Lichinga nthawi ya chisanu sadziwa chimene mphepo ya kuno imachita ndi chikhodzodzo cha mwamuna. Mabotolo awiri okha, kamphepo kawombe, bambo amadzuka ngati waitanidwa kubwalo la milandu. Kuwoloka msewu, kuima moyang'ana khoma, nkhope yakugwa ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Masanasana, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo mwamuna ndi cholengedwa cha chizolowezi, aliyense anali ndi malo ake. A Gregório okonza njinga, pamzati wa magetsi. A Renato ometa tsitsi, pamng'alu. Wina akapeza mnzake pamalo pake ankaima kumbuyo kudikira mwaulemu ngati kuchigayo.

Anthu anayesa zoyesa. Analembapo ndi tinta, penti yofiira, kuti PROIBIDO URINAR AQUI, zilembo zotalika ngati mwana wa zaka zisanu, kuletsa kutaya madzi pamenepo. Amuna anathokoza kuti tsopano apatsidwa polozera. Anathirapo tsabola. Anaikapo minga. Minga inaphuka, inakula bwino kwambiri. Fungo lake linafika poti ntchentche zinkabwera pashapa, minibasi yathu ija, kuchokera kumaboma ena kudzaona zimene zinamva.

Chaka chathachi, mwezi wa Meyi, sekeretaryo wa bairo anabwera ndi mayi wina wa zaumoyo atatseka mphuno ndi mpango. Mayiyo sanachulutse mawu. Anati chakudya sichigulitsidwa pamalo onunkha chonchi, abweranso kumapeto kwa Ogasiti, ndipo akapeza fungo likadalipo amayi onse asamukira kubwalo latsopano kuseri kwa manda, kumene shapa sifika ndipo wogula ndi khwangwala yekha. Amayi analira, ena anatukwana mabaraka m'zilankhulo zitatu. Dona Belmira anapitiriza kusankha nyemba. Koma tsiku limenelo munthu wina anagula nyemba zawo nakapezamo mwala. Mwala, m'nyemba za Dona Belmira! Nkhani inamveka bairo yonse, ndipo tonse tinadziwa kuti mtima wa mayiwa wasweka. Mabowo atatu aja ndiwo anali munda wawo, ofesi yawo, ndi chokhacho chimene chinatsala cha a Norberto.

Apa m'pamene analowera Sílvio, mphunzitsi wa zojambula pasukulu ina ya sekondale, bambo wa ndevu zochepa ndi maloto ochuluka. Iyeyu anakhala akuliyang'ana khomalo kwa zaka, ali patali ndithu chifukwa cha fungo, n'kumaliona ngati pepala lalikulu. Anaitanitsa msonkhano, naimirira pa kreti, nati tiyeni tonse tijambule khomali, lidzakhala la tonse, chifukwa munthu sanyozetsa chinthu chokongola. Anthu anaomba m'manja. Amene anaomba kwambiri anali a Gregório.

Koma kunena zoona, Lulimile anadzuka. Aliyense anafufuza kuseri kwa chitseko nabweretsa tinta yotsala. A Momade, oyendetsa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, anabwera ndi yabuluu imene inatsala popenta chitseko cha mzikiti. Akazi a akatekisita anabweretsa yoyera. Mwini baraka wina anabwera ndi chitini chathunthu chachikasu, chosatsegula, ndipo tonse tinagwirizana kuti chimenecho chinali chikumbumtima. Amayi anatsuka khoma ndi phulusa ndi madzi otentha. Masabata awiri Loweruka, aliyense wodziwa kugwira burashi anagwira, osadziwa anagwira makwerero. Tintayo inangokwana pakati pa khoma, koma panatuluka zinthu! Nyanja yabuluu, bwato, dzuwa lachikasu, ndi nkhunda yoyera yaikulu ngati ng'ombe.

Amuna anailemekeza nkhundayo mpaka Lachiwiri. Pofika Lachitatu nyanja ya Sílvio inali italandira mitsinje isanu ndi iwiri yatsopano.

Dona Belmira anamupeza Sílvio atakhala pamwala, mutu uli m'manja.

"Aphunzitsi, mwadya?"

"Njala ndilibe, amayi."

"Nkhunda yanu ndi yokongola."

"Akuikodzera, amayi."

"Eya. Kodi nkhundayi inakwatitsa mwana kwa ndani muno mu Lulimile?"

"Mwati chiyani?"

"Ndati ndani amaipatukira akakumana nayo panjira? Ndani amaivulira chipewa?"

Sílvio anangowayang'ana. Musamuseke. Iye anakwatira mkazi wa ku Beira, apongozi ake amangowamva pafoni pa Khirisimasi. Sankadziwa chimene mwamuna aliyense wokwatira kuno amadziwa m'mafupa mwake, kuti mkamwini saopa mkango, saopa wapolisi, nthawi zina saopa ngakhale Mulungu, koma mayi amene anabala mkazi wake. Akamuona akubwera amapatuka, n'kunjuta m'mbali mwa njira, maso pansi. Sadya naye mbale imodzi. Sakhosomola mwachisawawa pamaso pake. Nanga kumasula lamba?

"Tinta yatha, amayi," anatero Sílvio. "Ndilibe chojambulira china."

"Dothi latha kodi?"

Ankanena za mtsiro. Chilimwe chilichonse amayi a kuno amazira makonde ndi zipupa za nyumba zawo ndi dothi: lofiira la katondo, lakuda la kudambo, loyera la pamtsetse wa njira ya ku Meponda. Ndipo aliyense ali ndi kalembedwe kake. Wina maluwa, wina njira ya njoka, wina madontho a nkhanga. Nyumba umaidziwa ndi dzanja la mwini wake usanaone nkhope.

"Koma dothi limachoka ndi mvula, amayi. Ine ndimafuna chinthu chokhalitsa."

"Likachoka timaziranso. Inu ndevu munameta kamodzi basi?"

Mawa lake kunachitika chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambire dziko: Dona Belmira anamanga thumba la nyemba dzuwa lili pamutu, nayamba kuyenda khomo ndi khomo. Sanalowe paliponse. Makomo ena ankangowadutsa, ngakhale a amayi odziwa kuzira. Ankagogoda kwa amayi achikulire amene anakwatitsa ana aakazi m'bairo momwemuno. Palibe anazindikira nthawi imeneyo. Tinkangoti akuitana anzawo.

Khomo lovuta linali la a Adelaide, katswiri wa mtsiro Lulimile yense. Khonde lawo lili ndi mano a ng'ona, akuda ndi oyera, osongoka moti ukatsamira umamva ngati akuluma. A Adelaide ndi apongozi a a Gregório. Komanso anali asanalankhulane ndi Dona Belmira kwa zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa cha nkhuku ya a Adelaide imene inkajompha nyemba pamsika, ndi mawu amene Dona Belmira ananena okhudza khalidwe la nkhukuyo.

"Odi kuno!"

"Amene anati nkhuku yanga ndi yakuba abwera kudzatani?"

"Nkhukuyo inafa kalekale, a Adelaide."

"Mbiri yake sinafe."

Dona Belmira anaima pabwalo nthawi yaitali. Amene anasuzumira pampanda akuti anameza malovu katatu, ndipo ulendo wachitatu anamveka mpaka kumsewu.

"Inali nkhuku yabwino," anatero. "Yoleredwa bwino. Nyemba zanga ndi zimene zinkaitsata."

"Nenaninso, makutu anga akalamba."

Ananenanso. A Adelaide analowa m'nyumba, natuluka ndi mphasa. Umu ndi mmene khoma lathu linapezera mano a ng'ona, ndipo ndikuti aliyense wolemba mbiri ya Lichinga aikemo nkhuku imeneyo.

Amayi makumi awiri ndi atatu anavomera. Kenako bairo inadzukanso, ulendo uno kuposa poyamba. A Momade anasonkhanitsa anzawo a mota, natsika nawo njira ya ku Meponda ndi matumba. Anabwerako atayera mbuu ngati agona m'chigayo, ana n'kumathawa. Alimi a kudambo anabweretsa dothi lakuda pangolo. Lofiira silinavute, kuno umangokutumula buluku. A Ancha, ogulitsa usipa, apongozi a a Momade, anaphika phala la chinangwa m'mgolo losakaniza ndi dothi kuti ligwire, ndipo anaima ndi mthiko kuthamangitsa amene ankafuna kulawa. Amisiri anatolera malata akale nakhoma kadenga pamwamba pa khoma koteteza mvula. Amene anagwira makwerero tsiku lonse, akuimba nyimbo, anali a Gregório. Munthu kudzikumbira yekha mbuna, akuimba! Eni mabaraka anatumiza tiyi ndi buledi, ndipo wina analira pang'ono, koma akuti unali utsi.

Sílvio anatenga makala najambula njira yaitali yochokera kunyanja yake ija kukwera kumapiri, yodutsa m'minda ya nyemba ndi m'mitengo ya paini mpaka m'tauni. Anaigawa zigawo makumi awiri ndi zitatu, mayi aliyense chake, aziremo kalembedwe ka pakhonde pake. Anali atakonza kale papepala kuti uyu apa, uyu apo, molingana ndi mitundu. Pepalalo linakhala ndi moyo kwa mphindi zisanu.

"A Adelaide pamzati wa magetsi," anatero Dona Belmira ali pakampando, maso m'lichero.

"Amayi, mano awowa ndimafuna akhale mafunde kunyanja. Pamzatipo ndi pamunda wa nyemba. Mano a ng'ona akutani m'munda?"

"Akulondera."

"Koma mitundu sigwirizana!"

"Igwirizana ikazolowerana. A Luzia apite pamng'alu. Ayi, apyola, abwerere mapazi awiri."

"Chifukwa chiyani mapazi awiri?"

"Dzuwa."

"Dzuwa latani?"

"Aphunzitsi, inu munaphunzira, musandifunse ine za dzuwa."

Anatero mpaka amayi onse anaima pamalo pawo, osadzutsa mutu ngakhale kamodzi. Sílvio anapinda pepala lake naliika m'thumba mwaulemu, ngati mmene amakwiririra munthu wabwino.

Anazira masabata atatu, Loweruka lililonse. Ndikanakonda mukanaona. Amayi makumi awiri ndi atatu atandandalika kuyambira kumutu mpaka kumchira, makapulana m'chiuno, manja m'dothi, ana awo aakazi akutunga madzi, nyimbo ikayamba Chinyanja kumutu imakafika kumchira ili Chiyao. Burashi panalibe. Chikhatho, zala, ndi kansanza. A Ancha anazira usipa wambirimbiri wosambira chokwera phiri. A Luzia madontho a nkhanga. A Adelaide anangoluma mlomo, ndipo mano awo anatuluka akuthwa kuposa a kunyumba. Sílvio ankathamanga uku ndi uku kulumikiza njira yake kuti isaduke pakati pa mayi ndi mayi. Pomaliza anabwerera chambuyo mpaka pakati pa msewu, shapa n'kumuimbira hutala, iye osamva. Anati mitundu yagwirizana. Anati sakudziwa kuti yagwirizana bwanji.

Koma kukongola tinali titakuona kale ndi nkhunda. Mayeso enieni anali Lamulungu masana, mpira utatha pa wailesi yakanema ya m'baraka, mabotolo atagwira ntchito yawo, mphepo ya Julaye ikuwomba.

Woyamba kudzuka anali a Gregório. Bamboyu wakhala pachikamwini zaka khumi ndi zinayi, nyumba yake ili kuseri kwa ya apongozi. M'mawa uliwonse amadutsa pakhonde la mano a ng'ona atawerama, chipewa m'manja. Tsikulo anawoloka msewu akuimba mluzu, dzanja lili kale palamba, miyendo ikudziwa yokha njira ya kumzati. Anafika. Anaima. Anakweza maso.

Mluzu unazima.

Patsogolo pake, kuyambira m'mawondo mpaka pamphumi, panali khonde la apongozi. Mano omwewo. Mizere ya zala zawo ikuoneka m'dothi, ngati angochotsapo dzanja posachedwa ndipo abweranso. Dzanja la a Gregório linachoka palamba lokha, linakwera, linavula chipewa. Pali mboni zitatu zimene zimati ananjuta n'kunena kuti "Mwaswera bwanji, amayi." Iye amakana. Ine ndimakhulupirira mbonizo chifukwa ndi zitatu.

Anasuntha chammbali ngati nkhanu, mapazi anayi, kufika pamng'alu. Kubaraka kunamveka mpando kugwa.

"Gregório! Iwe! Madontho a nkhangawo ndi a apongozi anga!" Anali a Renato ometa tsitsi. "Ungodonthezapo, mkazi wanga amva lero lomwe kuti ndinakhala n'kumaonerera. Ndikagona kuti ine?"

"Achimwene, ndapanikizika!"

"Kapanikizikire kwa apongozi ako!"

Anasunthanso. "Apo ayi, compadre, maluwawo ndi a amayi a mkazi wanga!" anakuwa wina. Anasunthanso. A Momade, amene samwa n'komwe, anadzuka pamota yawo pamthunzi nati mofatsa, "Achimwene, usipawo ndi wa a Ancha, ndipo dothi lake ndinasenza ndine. Pitirirani ndi mtendere." Chigawo chilichonse chinali ndi mkamwini wake tsidya la msewu, ataimirira, botolo m'manja, maso ali tong'o. Amuna amene kwa zaka zonsezi ankadikirana mwaulemu pakhomalo anasanduka asilikali. Ndipo aliyense, akuteteza apongozi ake, anayamba kuzindikira pang'onopang'ono kuti apongoziwo aikidwa pamalo pake penipeni pamene iye ankaima. Osati pafupi. Penipeni.

A Gregório anatsala ndi chiyembekezo chimodzi: pakati pa khoma, nyanja ya Sílvio, nkhunda yopanda mwana wamkazi. Anapita kumeneko mawondo atagundana. Ndipo pansi pa nkhundayo anapeza kampando ka miyendo itatu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka vinti-seti kanali katakhazikidwa kunja kwa mabowo ake. Pamwamba pake panali majuzi awiri, makapulana atatu, ndi lichero.

"Mwaswera, a Gregório?" anatero Dona Belmira osadzutsa mutu.

"Ndaswera, amayi. Ndimati ndione nkhunda."

"Onani, bambo. Musafulumire. Ndi yokongola."

Liwiro limene a Gregório anathamanga kupita kwawo likukambidwabe. Akuti fumbi lake linatera Lachiwiri. Akutinso pofika pakhonde la apongozi enieniwo anachepetsa liwiro, anawerama, anapereka moni wonse bwinobwino, kufunsa ndi za mwendo wawo, kenako n'kupitiriza. Ameneyo ndiye mwamuna woleredwa.

Chimbudzi chimene chinakambidwa zaka khumi ndi chimodzi chinakumbidwa masiku anayi, kuseri kwa mabaraka. Komiti sinakumane n'komwe. A Gregório anakumba ngati akufuna golide. A Renato anatseka shopu yometera nasenza njerwa. Chili ndi chitseko, chili ndi denga, ndipo wina anadzala duwa pakhomo pake.

Mufunsa za mbeta zachimuna, zopanda apongozi. Amenewo ndiwo amaliopa khomalo kuposa onse, chifukwa sadziwa kuti mwa amayi makumi awiri ndi atatu aja ndi uti amene adzamugwadire mawa. Alendo ochokera kwina amayesa nthawi zina. Mlendo akangoyandikira dzanja lili palamba, amamva mipando isanu ikugwa kumbuyo kwake.

Kumapeto kwa Ogasiti mayi wa zaumoyo anabweradi, sekeretaryo ali pambuyo, mpango uli kale m'manja. Amayi khumi ndi awiri anaimirira pamalonda awo. Dona Belmira anakhala, koma ine ndinaona zala zawo zitaima m'lichero, zosasankha kanthu. Mayiyo anayamba kumutu. Ananunkhiza pamzati. Ananunkhiza pamng'alu, kawiri, chifukwa pamenepo ankapakumbukira. Anayenda khoma lonse mphuno ili patsogolo ngati galu wa mlenje, ndipo chimene anapeza ndi fungo la dothi ndi kachinangwa pang'ono. Atafika kumchira anabweza mpango m'chikwama, natulutsa foni, napatsa sekeretaryo kuti amujambule ataima pamano a ng'ona. Pobwerera anaima pa Dona Belmira.

"Khalani pamalo panu, amayi."

"Ndakhala kale," anatero iwo, zala zikuyambiranso ntchito.

Nthungululu zinamveka mpaka kumanda kuja, kumene sitinapite.

Mvula ya Disembala inalowa pansi pa kadenga, inafufuta usipa wina, inabunthitsa mano angapo. Sílvio anayenda mwezi wathunthu ngati wamasiye. Koma chaka chino chisanu chitangoyamba, Loweruka lina m'mawa, anapeza amayi atandandalika kale ndi mabeseni awo, popanda wowaitana, a mota atayera mbuu. Ena anasintha kalembedwe. Panawonjezekanso zigawo ziwiri, chifukwa m'bairo munachitika maukwati awiri. Tsopano Sílvio amabwera ndi ophunzira ake kudzawaonetsa khomalo, ndipo akafika pa kampando amavula chipewa, ngakhale kuti apongozi ake ali ku Beira.

Sabata yatha ndinati ndikamve kwa eni ake, popeza ndine munthu wokonda choonadi. Ndinanjuta pambali pa thumba la nyemba.

"Amayi, anthu akuti zaka zonsezi munkaona aliyense pamene ankaima. Akuti munasunga m'mutu nkhongo iliyonse ndi malo ake, n'kuikapo apongozi ake."

Nthawi yomweyo kutali, kumchira kwa khoma, kunadutsa bambo wina atatifulatira, atavala jekete la chipewa, mutu wonse utabisika. Ngakhale mayi ake omubala sakanamudziwa.

"A Ancha," anatero Dona Belmira kwa mnzawo wa usipa, "a Renato awo akupita. Aitaneni, akazi awo anaiwala beseni dzulo."

A Ancha anaitana. Bamboyo anatembenuka. Anali a Renato.

Ndinawayang'ana. Ndinadikira. Iwo anachotsa kamwala m'lichero, nakaponya kumbali, nalankhula mokweza kuti amve ndi a kubaraka omwe:

"Limenelo ndi bodza. Ine sindinaonepo munthu pakhomapo, ndipo sindidziwa nkhongo ya mwamuna aliyense. Ine ndimagulitsa nyemba."